Alick Nkhata, katswiri yemwe adaimba country m'zinenero za kwathu

Pali chamba china cha nyimbo chomwe Amalawi adachilandira ngati mkamwini wakhalidwe: chidachokera kutali, koma chidakhazikika pamudzi mpaka anthu adasiya kufunsa kwawo. Chamba chimenechi ndi country.

Mukazungulira m'Ching'ambo mumzinda wa Mzuzu Loweruka masana, kapena mukakwera minibasi ya ku Nkhata Bay ngakhale ya ku Ekwendeni, si chachilendo kumva mawu a Don Williams, Jim Reeves, Dolly Parton kapena Kenny Rogers akutuluka m'wailesi. Agogo amazikonda nyimbozi, makolo amazikonda, ndipo ngakhale achinyamata omwe amati zawo ndi amapiano, ikangolira ya Don Williams amapezeka akugwedeza mutu.

Koma mutafunsa kuti kodi ndani adatenga chambachi n'kuyamba kuchiimba m'zinenero za kuno, ambiri angangokanda m'mutu.

Mmodzi mwa akatswiri oyambirira kuchita zimenezi ndi malemu Alick Nkhata wa m'dziko la Zambia, yemwe mawu ake ankamveka m'midzi ya Nyasaland wailesi ya MBC isanabadwe n'komwe. Iye ankapeka nyimbo, kuziimba komanso kudziimbira yekha gitala. Mbiri yake ndi ya munthu yemwe adakonda nyimbo za eni ake, koma adakana kukhala wongotsanzira.

Dzina losasowa kumpoto kuno

Nkhata adabadwa m'chaka cha 1922 ku Kasama, kumpoto kwa dziko lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Mayi ake adali Mbemba pomwe bambo ake adali Mtonga.

Kwa anthu a kumpoto kuno, dzina loti Nkhata si lachilendo. Ndi dzina lomwe lili pa boma la m'mbali mwa nyanja, mtunda wosakwana makilomita 50 kuchokera mumzinda wa Mzuzu. Ndipo m'zaka zimenezo malire a Nyasaland ndi Northern Rhodesia sankatchinga anthu monga lero. Aphunzitsi, makalaliki ndi alaliki ophunzitsidwa ku Bandawe ndi ku Livingstonia ankawoloka kukagwira ntchito kutsidyako, ena osabwereranso. Chitsanzo ndi David Kaunda, yemwe adachoka m'dziko muno kukalalikira ku Chinsali, komwe mwana wake Kenneth, mtsogoleri woyamba wa Zambia, adabadwira m'chaka cha 1924.

Nkhata adakulira pakati pa anthu otere: oyendayenda, olankhula zinenero ziwiri kapena zitatu, thupi lili kwa eni koma mtima uli kumudzi. Izi zidadzaoneka m'nyimbo zake.

Country idafika bwanji kuno?

Country idayambira kummwera kwa dziko la America pakati pa alimi ndi anthu wamba ogwira ntchito zakalavulagaga. Mmodzi mwa omwe adaitchukitsa ndi Jimmie Rodgers, yemwe ankagwira ntchito pa sitima zapamtunda asanayambe kujambula nyimbo m'chaka cha 1927. Iye ankaimba za sitima, umphawi, matenda komanso kusowa kwawo. Adamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1933 ali ndi zaka 35 zokha, koma mbale zake zidawoloka nyanja n'kufika mu Africa muno.

Mbalezi zidapeza anthu omwe nkhani zake ankazidziwa bwino ngakhale ambiri Chingerezi chinkawavuta. Amuna zikwizikwi a ku Nyasaland ankapita ku Joni, ku Salisbury, ku Wankie ndi kumigodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Munthu yemwe wasiya mkazi ndi ana ku Chintheche kapena ku Mzimba, n'kukwera sitima osadziwa tsiku lobwerera, safuna womumasulira nyimbo ya mnzake wolira kwawo.

Pobwerera, ena ankanyamula njinga, ena makina osokera, ena galamafoni yopukusa ndi dzanja, mbale zingapo, gitala kapena banjo. Mbale za nthawi imeneyo zikagwa zinkasweka ngati mphika, ndipo mbali imodzi inkangonyamula nyimbo imodzi ya mphindi pafupifupi zitatu. Galamafoni imodzi inkakwanira mudzi wonse.

Chodabwitsa n'chakuti banjo, yomwe ndi imodzi mwa zida zodziwika za country, idayamba ndi akapolo ochokera ku Africa omwe adatengedwa kupita kutsidya la nyanja. Choncho pomwe inkafika kuno m'masutikesi a anthu ochokera kumigodi, tinganene kuti idangobwerera kwawo.

Anyamata a kuno sadachedwe kuphunzira. Ena adatengera kaimbidwe kogoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereka pa nsambo ndi botolo kapena kachitsulo, komwe adakapatsa dzina loti hauyani. Ndiche Mwarare adatchuka nako kaimbidweka, pomwe a Paseli Brothers adaimba za Napolo yemwe adasakaza ku Zomba mu 1946.

Ku Burma, kenako kwa Hugh Tracey

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Nkhata adali m'gulu la Aafrika omwe adatumizidwa ku Burma, dziko lomwe lero limatchedwa Myanmar. Kumeneko n'komwenso asilikali ambiri a ku Nyasaland a gulu la King's African Rifles adakamenya nkhondo yolimbana ndi Japan.

Nkhondo itatha mu 1945, iye adagwira ntchito ndi Hugh Tracey, mzungu wobadwira ku England yemwe ankazungulira maiko a kuno ndi makina ojambulira mawu, kusonkhanitsa nyimbo za makolo. Tracey adafikanso ku Nyasaland kangapo, kuphatikizapo mu 1950 ndi 1958, ndipo adajambula nyimbo za Atonga, Atumbuka, Achewa ndi mitundu ina. Mu 1954 adakhazikitsa malo osungirako nyimbozi otchedwa International Library of African Music, omwe tsopano ali pa Rhodes University ku Makhanda m'dziko la South Africa.

Ndi Tracey yemweyu yemwe mu 1950 adajambula ku Kenya nyimbo ya anthu a mtundu wa Kipsigis yotchedwa Chemirocha. Dzina lachilendoli silina koma la Jimmie Rodgers uja, momwe anthu a kumeneko ankalitchulira. Umu ndi momwe country idalowerera m'midzi ya mu Africa.

Kwa Nkhata, ntchito ya kwa Tracey idali ngati sukulu. Mnyamata wa gitala yemwe ankadziwa nyimbo za pa galamafoni adayamba kumvetsera ndi khutu latsopano nyimbo za pamtondo, za pamaliro, za paukwati ndi za kwa mfumu, n'kuona kuti nazonso ndi chuma chofunika kuchisamala. Apa ndi pomwe njira yake idapatukira: gitala yachizungu m'manja, nyimbo zakumudzi m'mutu.

Wailesi ya sefuliya

Luso palokha silikadamufikitsa patali pakadapanda wailesi.

Kuulutsa mawu ku Lusaka kudayamba mu 1941, makamaka pofuna kufalitsa nkhani za nkhondo. Nkhondo itatha, nyumbayi idakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, yomwe inkaulutsira Aafrika a m'maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inkalankhula m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga cha ku Zambia, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi.

Vuto lidali loti anthu akuda ambiri adalibe mawailesi chifukwa adali odula komanso ofuna magetsi. Mkulu woona zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, Harry Franklin, adakambirana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange kawailesi kotchipa koyendera batire. Kawailesika kadatuluka mu 1949 pamtengo wa mapaundi asanu, batire yake padera. Popeza kadali kozungulira ngati sefuliya, kadapatsidwa dzina loti Saucepan Special.

Kadagulidwa kwambiri, ndipo kadafikanso m'masitolo a ku Nyasaland. M'nyumba ya mphunzitsi, ya kalaliki kapena ya mwini golosale, anthu ankasonkhana madzulo kudikira nkhani, moni wa abale a kumigodi ndi nyimbo.

Nkhata adalowa ntchito pa wailesiyi ngati muulutsi, koma gitala sadaisiye kunyumba. Adakhazikitsa gulu la oimba anayi lotchedwa Alick Nkhata Quartet, ndipo pambuyo pake padadza Lusaka Radio Band, yomwe idadzasintha dzina n'kukhala Big Gold Six. Mwa njira imeneyi, mawu ake adafika m'makomboni a ku Kitwe ndi Bulawayo komanso m'midzi ya ku Nyasaland pa nthawi imodzi, chinthu chomwe woimba wongoyenda ndi gitala m'mabala sakadachikwanitsa.

Ankaimba zotani?

Womvetsera nyimbo za Nkhata lero amazindikira msanga fungo la country: gitala yodekha, mawu osakuwa, anthu atatu kapena anayi akulukana mawu mwadongosolo, ndi kachisoni kena kosachita kufotokoza. M'nyimbo zina mumamveka gitala yotsetsereka ija.

Koma mawu ake ndi a kuno. Ambiri ndi a m'Chibemba, ena m'Chinyanja ndi zinenero zina za ku Zambia. Nyimbo yake yodziwika kwambiri, Shalapo, dzina lake ndi mawu otsanzikana a m'Chibemba, ofanana ndi kunena kuti tsala bwino. Ina, Kalindawalo Ni Mfumu, imatchula mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke, kummawa kwa Zambia. Palinso Taxi Driver ndi Imbote, zomwe zimatifikitsa m'moyo wa m'tauni wa zaka za m'ma 1950.

Nthawi imeneyo matauni ankakula mofulumira. Anyamata ankasiya makasu kupita kumigodi, atsikana nawo ankalondola, maukwati a kumudzi ankagwedezeka, ndalama zinkathera m'mowa ndi m'zovala. Nkhata ankaimba za zinthu zimenezi, pena moseka, pena molangiza, ngati malume yemwe amadzudzula koma osatukwana.

Kupatula nyimbo zopeka yekha, iye ankatenganso nyimbo za makolo n'kuzikonza kuti ziimbike ndi gitala ndi zida zina zamakono. Mwa ichi, munthu wa m'tauni yemwe adayamba kuchita manyazi ndi nyimbo za kwawo ankazimva pa wailesi zitavala suti, n'kuyambanso kuzinyadira.

Apa ndiye pagona luso lake. Iye sadayese kukhala Jimmie Rodgers wachiwiri. Adaona kuti chomwe chimakoka anthu mu country si chipewa chachikulu kapena Chingerezi cha m'mphuno, koma nkhani ya munthu wamba yonenedwa mosabisa. Adatenga chimenecho, zinazo n'kuzisiyira eni ake.

Kutchuka kuli ndi minga yake

Kugwira ntchito pa wailesi ya atsamunda sikudali kophweka, makamaka mu 1953 pomwe maiko atatu aja adamangidwa pamodzi m'chitaganya chomwe Aafrika ambiri ankachikana. Wailesi inkayenera kuulutsa uthenga wa boma, ndipo anthu adayamba kuwakayikira omwe mawu awo ankamveka m'menemo.

Peter Fraenkel, yemwe ankagwira ntchito pa wailesiyo, adalemba m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, lomwe lidatuluka mu 1959, za mphekesera zomwe zidafala zoti ogwira ntchito kumeneko ankagwirizana ndi anthu opopa magazi. Ku Zambia anthu otere ankatchedwa banyama. Kuno timati anamapopa. Aliyense yemwe adaona zomwe mphekesera zotere zidachita m'maboma a kummwera kwa dziko lino mu 2017 akudziwa kuopsa kokhala munthu wolozedwa chala.

Nkhata adapirira, ndipo ndale zitatentha adaima mbali ya ufulu. Nyimbo zake zidathandiza kufalitsa uthenga wa chipani cha UNIP cha Kenneth Kaunda, yemwenso adali wokonda kuimba gitala. Chitaganya chidatha mu 1963, Malawi idalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo Zambia idatsatira pa 24 October chaka chomwecho.

M'boma latsopano, Nkhata adakwera mpaka kukhala mkulu wa wailesi ya dzikolo, Zambia Broadcasting Service. Koma kuyambira 1964 Malawi idali ndi wailesi yakeyake, MBC, ndipo makutu a anthu a kuno adatembenukira ku Blantyre. Pang'onopang'ono dzina lake lidayamba kuzilala m'dziko muno.

Imfa ya ku Mkushi

Mu 1974 mkuluyu adapuma pantchito n'kukakhala pa famu yake ku Mkushi, m'chigawo chapakati cha Zambia. Nyimbo sadazisiyiretu, koma moyo wake udali wa mlimi, monga anthu omwe country imakonda kuwaimba.

Pa nthawiyo nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe idali pachimake. Zambia inkasunga asilikali a ZIPRA a Joshua Nkomo, ndipo imodzi mwa misasa yawo, yomwe munkaphunzitsidwa asilikali achizimayi, idali ku Mkushi komweko.

Pa 3 September 1978 asilikali a ZIPRA adagwetsa ndege yonyamula anthu ya Air Rhodesia. Pobwezera, pa 19 October chaka chomwecho asilikali a boma la Ian Smith adalowa m'Zambia ndi ndege zankhondo n'kuphulitsa misasa ya ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, komanso ya ku Mkushi. Anthu ambiri adafa. Mmodzi mwa omwe adaphedwa pa chiwembu cha ku Mkushi adali Alick Nkhata, ali ndi zaka 56.

Munthu yemwe adabwerako wamoyo ku nkhondo ya ku Burma adafera pakhomo, pa nkhondo yomenyera ufulu wa dziko loyandikana nalo.

Nyimbo zake sizidafe naye. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London idasonkhanitsa zina mwa izo m'chimbale chotchedwa Shalapo, ndipo mu 2025 kampani ya Mississippi Records ya ku America idatulutsa china chotchedwa Radio Lusaka. Country yomwe idachoka ku America pa mbale za galamafoni idabwererako ikulankhula Chibemba ndi Chinyanja.

Mzere sudaduke

M'zaka zotsatira, country yochokera kunja idapitiriza kukondedwa m'chigawo chino cha Africa. Jim Reeves adakaimba ku South Africa mu 1962, zaka ziwiri asanafe pa ngozi ya ndege. Don Williams adafika ku Harare mu 1997 ndipo khamu la anthu lidamulandira ngati mfumu.

Koma pambali pa alendowa, mzere wa munthu mmodzi, chida chimodzi ndi nkhani yakeyake sudaduke m'dziko muno. Allan Namoko wa ku Thyolo, yemwe adali wosaona, ankaimba banjo mpaka imfa yake mu 1995. Daniel Kachamba wa ku Chileka, Stonard Lungu ndi Snodden Ibu aliyense adali ndi njira yake pa gitala. Si onse omwe tingawatche oimba country, koma onse adamwa pachitsime chimodzi: nyimbo yosavuta, yonena zomwe zikuchitika pamudzi.

Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, adayenda ndi gitala yake kwa zaka makumimakumi asanakwere ndege kupita ku America mu 2016, komwe adakaimba ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Mu 2020 Patience Namadingo adaimba naye limodzi, ndipo nyimbo ya Linny Hoo idazungulira dziko lonse kudzera pa TikTok. Kufupi kuno, Gasper Nali wa ku Nkhata Bay adafika mpaka ku Ulaya ndi babatoni yodzipangira yekha. Malemu Wambali Mkandawire, yemwe adatisiya mu January 2021, adaonetsa kuti nyimbo ya m'Chitumbuka ikhoza kuimbidwa pa nsanja iliyonse.

Palibe mwa amenewa yemwe adatchuka chifukwa chomveka ngati Mmereka.

Phunziro kwa woimba wodziimira payekha

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuba yemwe ali ndi gitala lero ali ndi mwayi womwe Nkhata sadaulotepo. Foni yomwe ili m'thumba mwake ndi makina ojambulira komanso wailesi yofika maiko onse. Safunika kudikira mzungu wa makina kapena kulembedwa ntchito ku Lusaka kuti amveke.

Koma pali zinthu zina zomwe foni singamupatse.

Choyamba ndi nkhani. Nkhata adamveka chifukwa ankaimba zomwe anthu ankakumana nazo: ulendo wa kumigodi, chikondi chosweka ndi mtunda, chinyengo cha m'tauni. Nkhani zimenezi sizidathe. Mabasi opita ku Joni akunyamulabe achinyamata a ku Mzimba ndi Nkhata Bay, ndipo amayi akulerabe ana okha kudikira ndalama za pa foni. Imeneyi ndi country yeniyeni yomwe ikudikira woipeka.

Chachiwiri ndi khutu lomvera za kwawo. Nkhata adakhala pansi kumvetsera akuluakulu asanayambe kukonza nyimbo zawo. Woimba wa kuno ali ndi vimbuza, malipenga, chilimika ndi ingoma pakhomo pake, osalipira kanthu.

Chachitatu ndi umwini. George Sibanda wa ku Bulawayo, yemwe Tracey adayamba kumujambula mu 1948, adapeka nyimbo ya Guabi Guabi yomwe oimba a ku America monga Arlo Guthrie adadzaiimbanso, koma mwini wake adamwalira kalekale ndipo ndi zochepa zomwe zimadziwika za moyo wake. Kuno kwathu, bungwe la Cosoma lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito za aluso, ndipo lamulo latsopano la umwini wa ntchitozi lidadza mu 2016. Wopeka nyimbo yemwe salembetsa ntchito zake ali ngati mlimi wolima munda wopanda malire: zokolola zikachuluka, eni ake amachulukanso.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. Mwana akagwira gitala, m'mabanja ambiri mawu oyamba amakhala oti wayamba uchidakwa. N'zoona kuti nyimbo zokha sizidyetsa aliyense. Nkhata yemwe adali ndi ntchito ya pa wailesi, ndipo atapuma adagwira khasu. Koma kumuuza mwana kuti aphunzire sukulu n'kosiyana ndi kumuthyolera gitala.

Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli sutikesi yakale ya agogo yokhala ndi mbale za galamafoni kapena makaseti, musafulumire kutaya. Nyimbo zambiri zomwe makolo athu adaimba m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku Makhanda, kutali ndi zidzukulu zawo. Zomwe zatsala m'manja mwathu ndi zofunika kuzisamala.

Ku Lusaka kuli msewu wotchedwa Alick Nkhata Road, ndipo likulu la wailesi ndi kanema wa boma la Zambia, ZNBC, lili m'mbali mwa msewu umenewu. Muulutsi aliyense wopita kuntchito kumeneko amadutsa pa dzina la munthu yemwe adamutsegulira njira. Anzathuwo adamukumbukira wawo. Nanga ife, a Namoko, a Kachamba ndi a Lungu tawachitira chiyani?